Zilembo Zachikasu pa Tsamba Lakuda

Ndinafika kwathu ku Kaomba m'mwezi wa Seputembala, nsalu yovundikira chiliza cha amayi ili m'chikwama chimodzi, laputopu ya kuntchito m'chikwama china. Abwana anga a Grey anandilola kupita kumudzi koma anati ntchito ndipite nayo, ngati kuti kumanda kuli desiki. Kampani yathu ku Lilongwe ndi yaing'ono. Timapanga tsamba la pa intaneti limene makalabu a alimi amatsegula pa foni kuti aone ngati feteleza wotsika mtengo wafika ku depoti yawo, m'malo mopalasa njinga mpaka ku boma n'kukapeza zitseko zotseka. Alimi anali atadandaula kuti tsambalo ndi loyera kwambiri, limathobwa m'maso akalitsegula m'nyumba, komanso limadya batire. Choncho ndinapatsidwa ntchito yoti likhale ndi maonekedwe awiri, loyera ndi lakuda, munthu azisankha yekha.

Koma chimene chinkandilemera mumtima sichinali tsambalo. Amayi anga a Maliya anali atatha chaka ali m'manda, ndipo kwathu chiliza chikavundukulidwa, abale a mkazi amakhala pansi n'kukambirana za mkamwini wofedwa. Amaona ngati akhale, kapena asudzulidwe, ndiko kumuuza kuti ndi womasuka, abwerere kwawo. Ababa anga a Aloysius analibe kwawo. Anafika ku Kasungu ali kumsana, makolo awo atachoka ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya. Makolowo anagona pa esiteti pomwepo, esitetiyo inagulitsidwa, ndipo pamene panali manda awo lero pali mizere ya soya. Ku Phalombe wowadziwa palibe. Kwawo kunali nyumba ya njerwa zootcha imene anamanga pa malo a akazi awo, ndi munda umene amalume a Duncan, mlongo wawo wa amayi, anali atayamba kale kuuyendera m'malire manja ali kumbuyo. Pa mwambo mundawo ndi wanga, koma amalume ankakonda kunena kuti munda salimira pa foni.

Chimene chinkawasunga ababa pamudzipo ndi maso awo. Ndiwo ankawerenga mawu kutchalitchi, ndiwo ankawerenga mbiri ya malemu pa maliro alionse, ndipo nthawi yomanga mabelo anthu ankabwera kudzawatenga kuti akawasankhire fodya, poti anakulira m'zigafa za pa esiteti. Mkamwini wotere sachotsedwa wamba, ngakhale a Duncan ankadziwa zimenezo.

Kutacha ndinakakhala m'chigafa cha ababa, chifukwa ndi mokhamo mmene munali mthunzi ndi kamphepo. Fodya anali atapita kale ku okushoni, mwatsala fungo lake ndi timapesi pansi. Ntchito yanga poiona ndi yaing'ono, koma imafuna kudekha. Amene anayamba kulemba tsambali ankangoika mtundu paliponse pamene wafuna, apa zilembo zakuda, apo kumbuyo koyera, apo mzere wotuwa. Ine ndinayenera kutola mitundu yonseyo n'kuiika pamalo amodzi, uliwonse ndi dzina lake: uwu wa zilembo, uwu wa kumbuyo, uwu wa batani. Ukatero umapanga magulu awiri, loyera ndi lakuda, ndipo munthu akadina kabatani ka pakona tsamba lonse limavula gulu lina n'kuvala linzake. Ukaiwala malo amodzi okha, pamenepo pamatsala ndi mtundu wakale.

Ababa analowa pang'onopang'ono, dzanja likuyenda pa mitengo ya chigafa. Ine ndinangoti ndi ukalamba. Anakhala pa jeke yomangira mabelo n'kumamvetsera kugogoda kwa zala zanga.

"Ndiye ntchito imene amakulipira ndi imeneyi, Anesi? Kukhala pansi n'kumajompha ngati nkhuku ili pa mphale?"

"Ndi imeneyi, ababa. Bwerani muone nkhuku yanu yaikira chiyani."

Ndinatsegula tsambalo pa foni yanga, loyera mbee monga mwa kale, ndipo ndinawawerengera uthenga woyesera umene ndinalembapo: feteleza wotsika mtengo wafika, bwerani ndi chiphaso cha unzika, musatume munthu wina. Kenaka ndinadina kabatani kaja. Tsamba linada bii, koma uthenga sunaoneke. Munthu woyamba uja anali atakhomerera mtundu wakuda pa zilembo za uthengawo, ine osaona, ndiye zinatuluka zilembo zakuda pa tsamba lakuda. Ndinatukwana chamumtima, kenaka ndinawapatsa ababa foniyo kuti aseke nawo ntchito ya mwana wawo wophunzira.

Anailandira ndi manja awiri, naiika patali pang'ono ndi nkhope monga amachitira ndi buku kutchalitchi. Anagwedeza mutu.

"Izi ndiye zabwino," anatero. "Feteleza wotsika mtengo wafika. Bwerani ndi chiphaso cha unzika. Musatume munthu wina. Zilembo zake n'zooneka bwino, alimi sadandaulanso."

Ndinayang'ana galasi la foni, ndinayang'ana nkhope yawo. Chala chawo chinkayenda pansi pa mizere imene panalibe.

"Ababa, pagalasipo palibe chilembo ngakhale chimodzi."

Sanadzidzimuke. Anaika foni pa bondo, nkhope italoza kukhomo la chigafa kumene kunali kuwala.

"Wandigwira ndi msampha wa mtundu wanji umenewu, mwana iwe?"

"Sunali msampha. Ndinalakwitsa ntchito."

"Basi, kulakwitsa kwako kwaposa nzeru za mudzi wonse."

Anandiuza zonse ndi mawu otsika. Maso anayamba kuchita chifunga amayi akudwala, ndipo mvula yathayi zinafika poipa. Chinthu chikakhala choyera chimawamwazikira m'maso ngati ufa, pepala likakhala padzuwa ndiye saonapo kanthu. Loweruka ankapita kwa akatekisiti ngati okakambirana mawu a Lamulungu, akatekisiti n'kumawerenga, iwo n'kumasunga m'mutu. Fodya chaka chimenecho anasankha ndi zala ndi mphuno. Ndinamva chisoni, koma ndinamvanso ukali, chifukwa mwezi ndi mwezi ndinkawaimbira foni iwo n'kumandiuza kuti ali bwino, vuto ndi nkhuku za a Duncan zokha.

"Imeneyo ndi ng'ala, ababa. Amachotsa. Anthu amapita kuchipatala cha maso atagwiridwa dzanja, pobwera akuyenda okha."

"Mwina amachotsa. Koma ndikakwera kabaza kupita kuchipatala cha maso, wa kabazayo asanabwerere nkhani ikhala itafika kale pamudzi. Chiliza chidutse kaye. Akanena kuti ndikhale, ndidzapita nawe, ndikudziwa kuti ndili ndi khomo lobwererako. Akandisudzula ndili pa bedi la kuchipatala, ndidzabwerera kuti?"

"Amalume akudziwa?"

"Akununkhiza. Dzana anabwera kudzandiuza kuti mbiri ya amayi ako pa chiliza ndiwerenge ndine. Akuti akulemba okha, ndi mayina a mbumba yonse ndi onse amene athandiza simenti ndi matailosi. Ndawapempha kuti andipatse msanga pepalalo, akuti mayina sanathe kubwera. Akundiyesa, Anesi."

Manja anga anabwerera okha pa laputopu, chifukwa munthu ukasowa chonena umagwira chimene umadziwa. Ndinapeza malo amene anakhomerera mtundu wakuda aja, ndinawamasula kuti azimvera gulu la mitundu, ndipo ndinatsegulanso tsamba pa foni imene inali pa bondo la ababa. Zilembo zoyera zinatuluka pa mdimawo.

"Taima," anatero ababa. "Wachita chiyani?"

"Ndakonza."

Anakweza foni kufupi ndi diso lamanja. Milomo inayamba kugwedera. "Apa pali Fe. Eya, Fe. Kulitsa, mwana iwe, kulitsa!"

Ndinakulitsa zilembo mpaka mawu atatu okha ndiwo ankakwana pa mzere. Ndinasintha uthengawo osawauza, ndinalemba kuti nkhuku za amalume zadya nandolo. Anawerenga liwu ndi liwu, mochedwa ngati mwana wa sitandade wani, ndipo atafika pa nandolo anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinatembenukira kumbali kuti asamve kuti ndikulira. Tsamba loyera linkawathira kuwala konse m'maso, zilembo n'kumira momwemo. Lakuda linkangowapatsa kuwala kwa zilembo zokha.

Masiku otsatirawo ababa anasanduka mlimi wanga woyesera. A Grey akanadziwa kuti ntchito yawo ikuyesedwa pa jeke ya fodya akanadwala mutu, koma sindinaipezerepo ntchito imeneyi munthu woiyesa wabwino chotere. Zilembo zoyera kwambiri anazikana, anati zikutuluka ndevu, chilembo chikulowerera mwa chinzake. Ndinazidetsa pang'ono, anati zafa. Ndinayesa zobiriwira, anati asandiuze zimene zikufanana nazo.

"Ika mtundu wa fodya wa pakati pa mtengo, wouma bwino mumthunzi," anatero. "Osati wa m'munsi wotumbuluka uja, osatinso wa kunsonga wofiirira."

Ndinasakaniza chikasu mpaka anati ndi chomwecho. Kumbuyo nako sindinakusiye kwakuda bii, ndinakupepuzako pang'ono ngati makala ozima, ndipo anati tsopano diso likupuma.

Vuto lina analipeza ndi iwo omwe. Nthawi zonse tikatsegula tsamba, linkayamba laphethira loyera kenaka n'kuda. Kwa ine kunali kuphethira chabe, koma iwo kunkawasiya osaona kanthu kwa kanthawi ndithu. Chifukwa chake n'chakuti tsamba linkayamba kudzijambula lisanafunse foni kuti mwini wake anasankha mtundu uti. Ndinasuntha funsolo kuliika patsogolo pa zonse, kuti tsamba lizidziwa chovala chake lisanatuluke pakhomo. Ndinakonzanso kuti foni izikumbukira chimene munthu wasankha, ndi kuti tsamba likatsegulidwa kamodzi lizitsegukabe ngakhale netiweki itathawa, poti kwathu netiweki imakhala pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi basi.

Pambali pa ntchito ya kampani ndinapanga katsamba kena ka ife awiri, kopanda dzina, kongodikira mbiri ya amayi. Ndinkadziwa kuti tikukonza zophimba anthu m'maso, ndipo sindinkachita nazo manyazi ngakhale pang'ono. Munthu wamanga nyumba, walima munda zaka zonsezi, wadwazika mkazi wake mpaka kumutseka maso, ndiye achoke chifukwa cha ng'ala? Ndikanatha kunama kuposa pamenepo ndikananama.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene chinkandidetsa nkhawa. Tsamba lakuda ndi la mumthunzi. Ukalitulutsa padzuwa la masana galasi limangosanduka kalilole, umadziona wekha. Manda a kwathu ndi nkhalango yowirira, koma mkati munadzaza kalekale, ndipo amene amwalira zaka zino amagona kunja kwa mitengo, poyera. Pafupi ndi manda a amayi panali mtengo umodzi wa muwanga. Ndinawauza ababa kuti akakaitanidwa akaime pansi pa mtengowo, asakasunthe.

"Ndamva, aphunzitsi," anatero.

Pepala la amalume linafika m'mawa wa tsiku la chiliza, anthu atayamba kale kusonkhana. Linali lodzaza mbali zonse ziwiri, mayina ena olembedwa chopingasa m'mphepete.

"Alamu, nayi mbiri ya mlongo wanga," anatero a Duncan. "Musadumphe dzina, mukudziwa mmene anthu athu alili. Wina akapanda kumva dzina lake adzatikumbutsa mpaka tsiku la maliro athu."

"Amalume, bweretsani ndiliike mu foni," ndinatero ine. "Kumandako kuli mphepo, pepala lingauluke."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandipatsa. "Za m'tauni," anatero, n'kutuluka.

Ndinalemba mothamanga, pepalalo n'kukawabwezera amalume. Ababa anayesa mizere yoyamba kuchipinda, chitseko chili chotseka, ndipo inatuluka bwinobwino. Nthawi yoti ayese yonse panalibe, kwaya inali itayamba kale kuyenda.

Kumanda amuna anakhala mbali yawo, ife amayi mbali yathu, pansi, tonse titavala nsalu yofanana. Ine ndinakhala pafupi ndi amayi aakulu a Feliya, mkulu wawo wa amayi anga. Dzuwa linali litafika pamutu. Akatekisiti anapemphera, anawaza madzi odalitsa, ndipo amalume ndi adzukulu awiri anagwira nsalu ija n'kuivundukula. Chiliza chinali cha matailosi oyera kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, ndipo dzuwa litagwerapo ngakhale ine wa maso abwino ndinatsinzina.

Akatekisiti anaitana ababa. Anaimirira bwinobwino, anayenda mpaka pa muwanga paja monga tinapanganirana, natulutsa foni m'thumba la jekete. Mtima wanga unayamba kukhala pansi.

"Alamu," anatero amalume mokweza, "mbiri ya munthu sawerengera kutchire. Bwerani kumutu kuno, mwini wake amve."

Amuna ena anavomereza, poti ndi mmene timachitira. Ababa anaima kanthawi, kenaka anatuluka mumthunzi. Anafika kumutu kwa chiliza, matailosi akuwalira kumaso kuchokera pansi, dzuwa likuwomba kuchokera kumwamba. Anakweza foni.

"Malemu Maliya anabadwira m'mudzi muno," anayamba, ndi mawu awo aja a kutchalitchi. "Anali mwana wachitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi."

Imeneyo inali mizere imene anayesa kuchipinda. Itatha, anaima. Anapendeketsa foni uku, anaipendeketsa uko, anaiyandikiza kudiso. Ndinaona chala chawo chikufufuza pakona, mwina poganiza kuti yazima, ndipo chinadina kabatani kaja. Tsamba linayera. Ndinafuna kuimirira, koma a Feliya anandigwira pa bondo, chifukwa mkazi sadumpha pakati pa manda anthu ali pa mwambo. Kumanda konse kunali zii, kumangomveka masamba ouma.

Kenaka misozi inayamba kutsika. Maso odwala aja anali atalimbana ndi kuwala kwa matailosi mpaka kulephera, ndipo madzi ankangoyenderera m'masaya mpaka pa kolala. Ababa sanaipukute. Anangoima, foni ili m'manja, pakamwa pali potseguka pang'ono.

"Mayo, alamu anga!" anafuula a Feliya. "Mayo, Maliya, taona mwamuna wako!"

Amayi onse anayamba kulira ngati maliro achitika dzulo. Kwaya inayambitsa nyimbo kuti iphimbe, koma oimbawo nawo mawu ankawathawa. Ndinaona amuna akuluakulu akuweramitsa mitu. Akatekisiti anapita kukawagwira ababa paphewa, anawabweza pamalo pawo, ndipo anapempha pepala kwa amalume n'kumaliza okha mbiriyo. Palibe anadabwa. Munthu walephera kuwerenga mbiri ya mkazi wake chifukwa cha chisoni, chodabwitsa n'chiyani pamenepo?

Ine pakati pa kulira konseko mtima unkavina. Mulungu andikhululukire, koma pa manda a amayi anga ndinasangalala.

Anthu atadya n'kubalalika, abale anakhala pakhonde la nyumba yathu dzuwa litapendeka. Ababa anawaika pa mpando pakati, ine ndinakhala pa mkeka ndi amayi. Amalume anayamba ndi mawu ozungulira, za mwambo, za munda umene ukufuna manja, za mayina a feteleza wotsika mtengo amene amalembedwa pa khomo ndi khomo. A Feliya sanawalole kuti afike kumene ankapita.

"Achimwene, musatitayitse nthawi. Tonse tinali kumanda, tonse taona. Amuna angati m'mudzi muno angalire mkazi chonchija chaka chitatha? Ena mkazi asanazizire amakhala atayamba kale kumeta ndevu. Munthu uyu ndi wathu. Mukamuchotsa, Maliya atifunsa."

Amayi ena anawomba m'manja chapansipansi. Amalume anayang'ana amuna anzawo, koma onse anali akuyang'ana pansi. Anapumira m'mwamba.

"Chabwino. Mbumba yalankhula, ine ndine ndani? Alamu, misozi yanu yakuyankhulirani. Khalani. Nyumba ndi iyi, munda ndi uwo."

Ndinatseka maso. Ndinali nditayamba kale kuganiza za basi ya ku Lilongwe, za chipatala, za ababa akubwerera kudzatsegula chitseko chawo okha. Ndiye ndinamva mpando ukukhwekhwereza.

"Zikomo alamu, zikomo amayi nonse," anatero ababa ataimirira, chipewa chili m'manja. "Koma musandisunge chifukwa cha misozi ija. Sinali ya chisoni."

"Ababa," ndinatero. Sanatembenuke.

"Maliya ndinamulira, Mulungu akudziwa, ndipo ndimamulira m'nyumba umu ndekha. Koma ija ya kumanda inali ya dzuwa. Ine sindiona. Chaka chino chonse kutchalitchi ndakhala ndikunena za pamtima buku lili m'manja. Fodya wa a Mphepo amene anabwezedwa kuti ndi wosakaniza, ndinasankha ndine, ndi zala, ndipo ndinawasiya akukalipira ana awo. Lero mwana wangayu anandikonzera foni kuti ndiwerenge, ndipo mumthunzi ndikanawerenga, inu osadziwa kanthu. Zimenezo ndikanazisenza. Koma kuti ndizidya chimanga cha m'munda wa Maliya chifukwa anthu akuti ndinamulira pamene sindimamulira, pamutu pake penipeni, ayi. Chimenecho chingandikhale pakhosi. Tsopano weruzani mukudziwa."

Anakhala pansi. A Mphepo, amene anali kumapeto kwa khonde, anadzuka n'kuchoka osatsanzika. A Feliya anaphimba nkhope ndi nsalu. Amalume sanaoneke okondwa monga ndinkayembekezera, anangokhala akupotokola chipewa chawo.

"Alamu, mwanena nokha," anatero pamapeto pake. "Ine ndinkakayikira, koma lero ndinali nditagonja. Tsono munthu wosaona amafuna womutsogolera, womuphikira, womulimira. Nyumba iyi ndi ya Anesi. Iye akabwera kudzakhala kuno, adzakusungani yekha, ife sitidzalankhula." Anatembenukira kwa ine. "Anesi, ubwera kudzakhala?"

Maso onse anali pa ine. Ndinaganiza za ntchito yanga, za kanyumba kanga ka lendi, za zaka zimene ababa omwewa anagulitsa fodya kuti ndichoke pamudzi pano. Sindinayankhe, ndipo kusayankhako aliyense anakumva.

"Musamufunse mwana," anatero ababa. "Sindinamuphunzitse kuti adzandigwirire ndodo. Ndisudzuleni."

Anawasudzula dzuwa lisanalowe, ndi mawu aulemu ambiri.

Anthu atapita ndinawakalipira ababa anga koyamba m'moyo wanga. Ndinawauza kuti tinali titapambana, kuti akanangotseka pakamwa mwezi umodzi wokha ng'ala ikanachotsedwa, akanabwerera akuona, ndipo palibe akanadziwa. Ndinawauza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, iwo ataya wa pamphuno chifukwa cha kunyada. Anandisiya mpaka mawu anandithera.

"Wamaliza?" anafunsa. "Ntchito yako inali yabwino, Anesi. Usaiwale kuwauza abwana ako za chikasu chija. Tsopano pita kwa amayi ako aakulu, ukawapemphe kuti mawa m'mawa atiperekeze kumanda tisanakwere basi ya ku Lilongwe. Kumanda sapita wamba."

Tinapita dzuwa lisanakwere pamwamba pa mitengo. Mthunzi wa nkhalango unali utagona pa manda onse a kunja, ndipo matailosi aja anali otuwa, onyowa ndi mame. A Feliya anaima chapatali, manja ali pachifuwa. Zikwama zathu tinazisiya panjira. Ababa anapita kumutu kwa chiliza, pamalo pomwe anaima dzulo lake, n'kutambasula dzanja. Ndinatsegula katsamba kaja, ndinadina kabatani kuti kabwerere ku mdima, ndipo ndinawapatsa.

Anawerenga kuyambira pachiyambi. Anawerenga kubadwa kwa amayi, sukulu imene anasiyira panjira, ukwati wawo ndi mnyamata wa pa esiteti, ana amene anamwalira ali aang'ono ine ndisanabadwe. Anawerenga mayina a mbumba yonse, ndi a onse amene anapereka simenti ndi matailosi, mpaka aja olembedwa chopingasa m'mphepete. Pena ankaima n'kuyandikiza foni kudiso, pena ankabwereza dzina kuti alitchule bwino. Dzina la a Duncan analitchula ndi ulemu wake wonse. Sanadumphe ngakhale limodzi, ndipo maso awo anali ouma mpaka kumapeto.

Atamaliza anandibwezera foni, navala chipewa. Ine ndinatenga zikwama n'kulunjika kanjira kodutsa kuseri kwa minda, kamene kamakafika kumsewu osadutsa pa nyumba za anthu.

"Osati uko," anatero ababa. "Tidzere pakati pa mudzi, ndikatsanzike."

Anatambasula dzanja lawo m'malere, kufunafuna langa.

"Ndigwire, mwanawe. Njira sindikuiona."